Belo Lapakati Silinafike

Takhalani pansi kaye, aise. Iwe kokera benchilo kuno, foniyo isiye ichajike, siithawa. Lero ndilankhule ine, inu muzingomva, chifukwa nkhani iyi ndayenda nayo pafupifupi chaka ndipo ndatopa nayo. Nonse mumadziwa kuti pakamwa panga sipatsekeka. Koma iyi yokha ndinaimeza, ndipo mpaka lero yangoima apa pakhosi, kutsika ayi, kutuluka ayi.

Ena mukudziwa, ena simukudziwa: ine anandilera ndi amayi aakulu, akulu awo a mayi anga ondibereka. Mayi anga atamwalira ndili sitandade 3, iwowo ndi amene anabwera kudzanditenga, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimangoti amayi, basi. Amakhala kwathu ku Kaomba, kutsidya kwa dambo, maola awiri pa njinga ngati matope sanalimbe mtima. Ine ndinabwera kumsika kuno, pakhonde la golosale lino, kumachaja mafoni ndi kuika nyimbo m'mamemore. Eni golosale, bambo wachisilamu uja mumamuona ndi kofia yoyera, ndimangowatchula kuti abwana. Za foni palibe anandiphunzitsa. Ndinkangodina, kuwononga, kudinanso, mpaka anthu anayamba kunena kuti pitani kwa mnyamata wa pakhonde uja, amadziwa. Ndipo inenso ndinkakhulupirira kuti ndimadziwa.

Munda wa amayi uli pawiri. Kumtunda fodya, kumunsi chimanga. Fodya ndi wa sopo, mchere ndi chitenje, koma chimanga ndiye moyo wa pakhomopo. Chaka chatha dzina lawo linatuluka pa mndandanda wa sabuside. Thumba loyamba, lokulitsa lija, analipeza atayenda maulendo atatu ku depoti. Ulendo woyamba akuti netiweki palibe, makina oyesera zitupa sakugwira. Wachiwiri netiweki ilipo, feteleza palibe. Wachitatu ndiye zinakumana. Koma thumba lachiwiri, lobereketsa, akuti lole sinabwere, muzifunsafunsa.

Muzifunsafunsa! Mayi wa zaka zimene zija, mawondo akulira, azingowoloka dambo kudzafunsa? Ndinawapeza atakhala pa mwala apo, atavula patapata, akusisita mapazi. Ndinati, "Amayi, musamavutikenso kuyenda. Depoti ndi iyi, ndimaiona ndili pakhonde. Lole ikamabwera ndikuuzani pa foni."

Iwo anati, "Usaiwale mwanawe, iwe mutu wako umakhala m'foni."

Ndinati, "Ndiye ubwino wake umenewo."

Muwasunge mawu amenewo. Kuyambira tsiku limenelo anasiyadi kuyenda. Anasiya kufunsa munthu wina aliyense, chifukwa mwana wawo wa foni anali atalonjeza.

Foni yawo ndi kaja ka mabatani, komanga ndi mphira kuti batire lisagwe. Amakazimitsa tsiku lonse posunga moto. Kamodzi patsiku amakwera pa chulu cha kuseri kwa chigafa cha fodya, pamene pamagwira netiweki, n'kukayatsa, kuima pang'ono, kuona ngati kwabwera kanthu. Ndiye kuwaimbira n'kosatheka, umangomva kuti nambalayi siikupezeka. Njira yathu inali meseji. Ine ndikalemba, iwo akawerenga amaflasha kamodzi, kutanthauza kuti ndamva. Zaka zitatu tikuchita choncho, osaphonya.

Linali Lachiwiri, mu Januwale, chimanga chitafika m'mawondo, nthawi yeniyeni imene chimafuna chakudya. Kalaliki wa ku depoti anabwera kudzachaja makina ake aja. Akudikira anandinong'oneza kuti, "Amwene, lole ya wobereketsa ikubwera Lachinayi. Koma matumba ndi ochepa, woyamba ndi woyamba. Ngati uli ndi wako, umuuze alawire."

Ee! Ndinalumpha ngati ndapondedwa ndi ng'ombe. Abwana anasuzumira pa kauntala, "Iwe, chalowa m'thalauza n'chiyani?"

"Feteleza wa amayi, abwana!"

"Ndiye ukuvina m'malo mowauza?"

Ndinatenga foni. Tsopano mumvetsetse apa. Mayi wokulera sungangomulembera kuti feteleza Lachinayi, ngati ukulamula mwana woweta mbuzi. Kwathu munthu umayamba wapereka moni, wafunsa za moyo, kenako nkhani, kenako n'kutsazika. Ngakhale nyumba ikupsa, umayamba ndi odi. Amayi anandikwapulapo ndili wamng'ono chifukwa cholowa m'nyumba ya eni n'kuyamba ndi zimene ananditumazo. Ndiye ndinalemba mwaulemu wonse, ndipo mawu ake ndimawadziwa pamtima ngati vesi:

"Mwaswera bwanji amayi? Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko." Ndinaikapo kachithunzi ka manja opemphera.

"Feteleza abwera Lachinayi ku depoti. Mulawire, mutenge chitupa." Ndinaikapo kachithunzi ka chimanga, chifukwa mtima unali m'mwamba.

"Ambuye akusungeni amayi." Timitima tiwiri.

Timaimoji timeneto ndinali nditazolowera pocheza ndi inu nomwe. Kwa amayi ndinali ndisanaikepo n'kamodzi komwe. Tsikulo ndinangofuna kuti nawonso aone kuti mwana wawo wasangalala. Pakona pa sikirini panali tinambala tina timene tinasintha ndikulemba. Ndinationa. Sindinganame, ndinationa. Koma ndani amawerenga tinambala ta pakona? Ndinadina, inapita.

Lachitatu masana foni yanga inalira kamodzi, n'kuduka. Amayi. Ndinati basi, zatheka.

Lachinayi m'mawa msika wonse unali fumbi ndi matope nthawi imodzi. Ngolo, njinga, amayi ndi ana kumbuyo, mzere kuchokera pa depoti mpaka pa chigayo. Aliyense akufuna foni yake ichajike akudikira, ine manja osapuma. Ndinaponya maso kangapo pa mzerepo, sindinawaone. Ndinati anthu achuluka, ali pakati pomwepo. Abwana anandifunsa akutsegula katoni ya sopo, "Amayi ako wawaona?"

"Aflasha dzulo, abwana, ali momwemo."

"Kuflasha n'kumva, si kufika. Tapita ukaone, ndikuyang'anira mafoniwa."

"Ndipita ndikamaliza uyu."

Sindinamalize uyu. Pambuyo pa uyu panabwera wina. Dzuwa lisanapendeke lole inali mbee, anthu akubalalika, ena akutukwana. Ndinadziuza kuti alawira kwambiri, alandira, akwera ngolo ya wina. Munthu ukafuna kudzinamiza, zifukwa sizisowa.

Lamlungu ndinapalasa njinga kupita kumudzi, kachikwama ka shuga kumbuyo, ndikuimba mluzu. Ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya woyamba, masamba apansi aja, manja ali bii ndi phula lake.

"Fikani, fikani abambo a foni," anatero akuseka. "Sabata ino mwatikumbukira bwanji? Meseji mpaka ziwiri!"

Ndinati, "Ziwiri?"

"Eya. Moni, kenako madalitso. Ndinawawerengera amayi anzanga kumpingo, ndati onani ana olera bwino. Anu aja amangolemba akafuna kanthu. Koma timabokosi tija n'tiyani? Foni yako yayamba kudwala?"

Ndinati, "Tandipatsani kafoniko ndione."

Anakatulutsa pa mfundo ya chitenje. Ndinayatsa. Meseji yoyamba: Mwaswera bwanji amayi, ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, ndi timabokosi tiwiri. Yachiwiri: Ambuye akusungeni amayi, ndi timabokosi tinayi. Ndinakwera, ndinatsika, ndinalowa ngakhale m'malo mosalowa meseji. Za feteleza, za Lachinayi, za chitupa, kunalibe. Ngati munthu anachita kutenga mpeni, kudula pakati penipeni, n'kusiya mutu ndi mchira.

Ndikadali chiyang'anire, iwo anapitiriza kusoka, n'kuti, "Ndamva dzana kuti lole inabwera Lachinayi. Anthu a ku depotiwo anabisa tsiku kuti agawane okhaokha. Iwe uli pafupi pomwepo, sunamveko kanthu?"

Aise. Apa ndi pamene pandipweteka. Ine wa pakamwa posatsekeka, ndinayang'ana pansi, ndinaona nyerere zikukoka kaphesi ka fodya, n'kuti, "Anabisadi, amayi."

Anapukusa mutu. "Ngakhale iwe wa foni anakubisira? Ndiye ife a pachulu tingatani?"

Madzulo asanafike ndinapita kumunsi kukaona chimanga. Masamba apansi anali atayamba kale chikasu. Munda wa pafupi, wa anthu amene anamva kwa kalaliki wina n'kulawira, unali utathiridwa kale, timaenje ta feteleza tikuoneka pa mizere. Ndinabwerera osaimba mluzu.

Sabata yotsatira ndinkachaja mafoni ngati makina. Chinkandizunza n'choti meseji ine ndinalemba imodzi. M'foni mwanga inkaonekanso imodzi, yathunthu, yokongola ndi tizithunzi take. Nanga inasweka kuti? Anaiswa ndani? Ndinayamba kufufuza pa intaneti, ndi Chingerezi changa cha pakhonde, mawu amodzi kuwerenga katatu. Ndinabwereka kafoni kakale ka abwana, ka mabatani ngati ka amayi, ndikumadzitumizira ndekha. Mverani zimene ndinapeza, chifukwa nonsenu mumalemba meseji ndipo palibe akudziwa.

Foni situmiza zilembo. Mumlengalenga simudutsa A kapena B. Chilembo chilichonse foni imayamba yachisandutsa nambala, potsata mndandanda umene mafoni onse anagwirizana. A wamkulu ndi 65, mwachitsanzo. Nambalayo imasandutsidwanso timadontho ta 0 ndi 1, ndipo timadontho tisanu ndi titatu pamodzi amati baiti. Mabaiti amenewo ndi amene amayenda. Akafika uko, foni inayo imatsegula mndandanda wake, n'kujambulanso zilembo. Ikapeza nambala imene ilibe chojambula chake, imangoika kabokosi. Timabokosi ta amayi tinali timeneto: kafoni kakale kaja sikadziwa manja opemphera, ndipo pa kachithunzi kalikonse kamaika timabokosi tiwiri.

Koma timabokosi si timene tinapha chimanga. Chinapha chimanga ndi ichi. Ganizani za fodya. Fodya sapita ku okushoni ali bwalabwala, amadindidwa pa jeke kukhala belo, ndipo belo lili ndi malire ake. Meseji nayonso ndi belo, ndipo belo lake limanyamula mabaiti 140 basi. Ukalemba zilembo wamba, foni imagwiritsa mndandanda waung'ono, imazipanikiza bwino ngati pa jeke, chilembo chilichonse timadontho tisanu ndi tiwiri, ndipo zimalowa 160. Koma ukangoikamo kachithunzi kamodzi, kamodzi kokha, kamene kalibe pa mndandanda waung'onowo, foni imasamutsa meseji yonse kupita pa mndandanda waukulu. Kumeneko chilembo chilichonse chimadya mabaiti awiri, ngakhale mpata wa pakati pa mawu. Belo lomwe lija tsopano limangonyamula 70. Zikapitirira, foni imagawa mabelo angapo, lililonse ndi kachizindikiro kake kuti ili ndi loyamba, ili lachiwiri, ndipo kachizindikiroko kamadyanso malo, n'kutsala 67.

Ndinawerenga zilembo za meseji yanga ndi chala, chimodzichimodzi, kawiri. Popanda tizithunzi sizinafike n'komwe 160. Likanakhala belo limodzi. Likanafika lonse, kapena osafika lonse, ndipo likanapanda kufika amayi sakanaflasha, ine ndikanapalasa njinga Lachitatu lomwelo. Koma ndi tizithunzi tanga anakhala mabelo atatu. Moni unadzaza belo loyamba ndendende. Nkhani ya feteleza inalowa lachiwiri. Madalitso lachitatu. Foni yabwino imadikira onse atatu n'kuwasoka pamodzi. Kafoni ka amayi kamangoonetsa lililonse mmene lafikira. Pa chulu paja, ndi netiweki yobwera n'kuthawa, n'kuzimitsa kwawo kofulumira posunga batire, loyamba linafika, lachitatu linafika. Lapakati sindikudziwa linathera kuti. Ndafunsa, ndawerenga, palibe wondiuza. Linangosowa panjira ngati belo logwa pa lole.

Ndipo tinambala ta pakona tija tinkandiuza zimenezi. Ndinayeseranso pamaso pa abwana. Ndikulemba moni, pakona pakuonetsa kuti meseji ikadali imodzi, malo ambiri. Nditangodina manja opemphera, nambala inagwa pansi nthawi yomweyo. Foni inandichenjeza, ine ndinali kalikiliki kusankha mtima wofiira.

Abwana anayang'ana foniyo, n'kuti, "Ndiye katunduyo unamukulunga ndi mapepala okongola mpaka sanakwane m'thumba."

"Eya, abwana."

"Wawauza amayi ako?"

"Ndiwauza."

"Liti?"

Ndinayamba kupukuta machaja amene anali oyera kale. Iwo anati, "Ine ndikapereka sopo wolakwika, ndimamuthamangira kasitomala asanafike pa mphambano. Akafika kwawo n'kuchapira, ndiye yakula." Sanabwerezenso nkhaniyi mpaka lero. Koma nthawi zina ndikamaseka kwambiri pakhonde pano, amangondiyang'ana, ine n'kusiya.

Ndinayesa kukonza, musaganize kuti ndinangokhala. Tsiku lililonse ndinkapita ku depoti. Kalaliki uja anayamba kundithawa, akandiona amati, "Amwene, ine sindiyendetsa lole." Mawa, mawa, sabata yamawa, netiweki, mawa. Lole inadzabweranso Febuluwale akutha. Ulendo umenewo sindinalembe kanthu, ndinapalasa njinga ndekha, ndinawakweza amayi pa keriyala, ndinaima nawo pa mzere mpaka chitupa chawo chinalira m'makina. Thumba tinalitenga. Koma chimanga chinali chitatulutsa kale ngayaye, chachifupi, chachikasu, mapesi ngati bango. Amayi anathirabe pang'ono, akuti mwina. Wotsalayo anasungira kudimba.

Pokolola, nkhokwe imene imadzaza mpaka pakamwa inafika m'chiuno. Fodya anathandizako, koma fodya mukumudziwa, amakusangalatsa mwezi umodzi. Pofika Okutobala ufa unali utayamba kuyezedwa ndi kambale. Panopa amayi amadzuka kupita ku esiteti ya kutsidya kukagwira ganyu ya kunazale, kuthirira mbande za fodya wa eni ndi makheni, mawondo omwe aja, kuti abwere ndi kandowa ka chimanga. Ine ndimatumiza zimene ndingathe. Amandithokoza. Kuthokozako ndiye kumandimaliza.

Ndipo meseji ziwiri zija sanafufute. Kafoni kawo kamadzaza msanga, amafufuta zonse, za mabonasi, za maliro, za mpingo, koma ziwirizo ayi. Ndinawaona mwezi watha atakhala pa mkeka akuziwerenga, kafoni atakatalikitsa chonchi chifukwa cha maso. Anati, "Ndikatopa ndimawerenga izi. Ngakhale timabokosi take ndatizolowera, ndimati ndi timphatso tosatsegula."

Ndinaseka nawo. Ndikanatani?

Masiku ano ndikamalemba kwa munthu wa foni ya mabatani, ndimalemba mouma ngati chikwangwani cha pachipatala, diso lili pakona. Kachithunzi sindiika. Koma moni ndimayambabe nawo, dzanja limakana lokha kuyamba ndi nkhani. Ndimangoufupikitsa, mwaswera amayi, basi, n'kulowa. Anadandaula kale, akuti mwanawe masiku ano moni wako wawonda.

Tsopano mayina a chaka chino atuluka, lawo lilipo. Lamlungu lapitali akundiperekeza mpaka pa dambo, anagwira chishalo cha njinga n'kuti, "Chaka chino utsegule makutu, anthu a ku depotiwo asatibisirenso. Ukamva kanthu undiuze msanga. Usamangondipatsa moni."

Anaseka. Ine ndinakwera njinga, ndinapalasa osacheuka.

Ndatopa, aise. Ndatopa kuwamva akutukwana kalaliki amene anandiuza zoona. Ndatopa kuwaona akundikhulupirira pa chinthu chimene ndinawagwetsa nacho kale. Ndikawauza, ndiwalanda meseji ziwiri zimene amapumira akachoka kothirira mbande za eni, ndipo adziwanso kuti tsiku lija m'chigafa mwana wawo anawanamiza ali pamaso pawo. Ndikapanda kuwauza, chimanga sichibwerera, koma inenso chinthu ichi sichitsika pakhosi. Lamlungu likubwerali ndikupitanso, ndikawapeza pa mkeka womwe uja, kafoni kali pa mfundo ya chitenje. Tandiuzani inuyo, muli pa njinga yanga, mwawoloka dambo, mwapereka moni, akufunsani kuti kumsika kuli nkhani yanji: mungayankhe chiyani?